Wotchi Imene Atate Anajambula

Atate anga, a Whyson Nkhoma, akhala akukonza mawotchi pakhonde la golosale ina ku Matero kuyambira m'chaka cha 1995. Mwezi wake sindikuudziwa bwino. Iwo amati unali Meyi, koma kalata yowachotsa ntchito, imene ndaiona ndi maso anga, inalembedwa mu Julayi. Ndiye ndangolemba chaka chokha.

Anabadwira muno mu Lusaka. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo sanabwererenso kwawo. Atate anaphunzira mpaka Sitandade 6, kenaka analowa ntchito pakampani ina ya boma yogaya ufa. Kumeneko ankakonza masikelo ndi mawotchi akuluakulu aja amene antchito ankadindirapo makhadi polowa ndi poweruka. Anagwirako zaka makumi atatu. Kampaniyo itagulitsidwa, eni ake atsopano anabwera ndi makina awoawo, ndipo Atate anabwerera kunyumba ndi kalata ija, bokosi la zipangizo, ndi katebulo kamene anapempha kwa kapitawo.

Katebuloko ali nako mpaka lero. Pamwamba pake pali kabokosi kagalasi momwe amaikamo mawotchi ogulitsa. Pali chizolowezi chawo chimodzi chimene ndiyenera kuchinena pano, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo. Wotchi iliyonse yosayenda imene ili m'kabokosimo amaiimika pa teni pasiti teni, muvi waufupi uku, wautali uku, kuti dzina la wotchiyo lizioneka pakati. Anaphunzira zimenezi ali mnyamata kwa Mmwenye wina wa m'tauni. Dzanja lawo limachita lokha, ngakhale akulankhula ndi munthu.

Pambali pawo pamakhala ba Kalaba, Mbemba wa ku Kasama amene amasoka nsapato. Iwonso anachotsedwa ntchito zaka zomwezo. Popeza ife ndife Angoni ndipo iwo ndi Mbemba, pali chimbuya, chibale cha nthabwala, pakati pathu, choncho moni wawo wa m'mawa ndi kunyozana.

"Ba Nkhoma, mwauka? Mbeba zakuleka lelo?"

"Ndadzuka, a Kalaba. Nyani amene munadya dzulo, abale ake amakufunsani pano."

Zaka zimenezo mumsewu munadzaza mawotchi a mabatire ochokera kunja, otchipa kuposa kukonzetsa yakale. Ntchito ya Atate inasanduka kusintha mabatire ndi malamba. Sankadandaula kwambiri. Ankati bola munthu adzuke ali ndi kopita. Amayi athu, a Elesi, atamwalira mu 1999, khonde lija ndilo linawasunga. Ankafikapo seveni koloko, mvula kaya dzuwa.

Kuiwala kunayamba mu 2001. Poyamba zinali zazing'ono: makiyi, dzina la kasitomala wakale. Kenaka anapatsa mayi wina wotchi ya mwini wake, ndipo panali phokoso pakhondepo. Tsiku lina anakwera minibasi ya ku Chunga pamene ankafuna kupita m'tauni, ndipo atatsika anaima nthawi yaitali osadziwa chimene abwerera. Ankatopa msanga. Ankatinso mapazi akuchita dzanzi, ngati akuponda thonje.

Achimwene anga a Dumi, amene ndi oyamba kubadwa, anati zakwana. Anati Atate asiye tebulo apite kukapuma kumunda kwa amalume, kapena ndinene bwino, kwa bambo athu aang'ono a Moven, ku Chongwe. A Dumi sankawafunira zoipa. Ankaopa kuti tsiku lina adzasochera ndithu, kapena wina adzawamenya chifukwa cha wotchi. Koma tonse tinkadziwa kuti Atate sanagwirepo khasu chibadwire, ndipo kuwachotsa pakhonde lija kunali ngati kuwauza kuti akadikire tsiku lawo.

M'chaka cha 2002 analengeza kutchalitchi kuti madokotala a kuchipatala chachikulu akuchita kafukufuku wa matenda a kuiwala pakati pa okalamba. Aliyense wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi akanatha kupita kukiliniki ndi wachibale mmodzi. Ambiri anakana atamva kuti kukakhala kutenga magazi, chifukwa nthawi imeneyo kunali manong'onong'o oti magazi amapita kwa a Satana. Atate anati iwo apita. A Dumi anavomera, koma anamangirirapo mawu.

"Tizamvela ku madokota. Ngati bakamba ati mutu siuli bwino, ninshi ni ku Chongwe. Mwavomela, Atate?"

Atate anayang'ana pansi. "Akanena kuti mutu watha, ndipita," anatero.

Ine ndine Tiwo, mwana wawo wamkazi, ndipo ndimaphunzitsa kupulayimale. Ndine ndinawaperekeza, ndipo ndine ndinasayina kuti ndine wachibale wowasamalira. Anatilandira namwino wa kafukufukuyo, ba Sisita Chilufya, mayi wamfupi wolankhula modekha. Anandikhazika kumbuyo n'kundiuza kuti ndisawathandize kanthu, ngakhale ndi maso.

Anawafunsa tsiku, mwezi, ndi dzina la komboni yathu. Anawauza mawu atatu oti awasunge, ndipo patapita kanthawi anakumbukira awiri. Anawatenga magazi. Kenaka anawapatsa pepala loyera ndi pensulo.

"Ba Nkhoma, nijambulileni koloko. Muike manambala yonse, elo mivi ilangize teni pasiti leveni."

Ndinaona nkhope ya Atate ikumasuka koyamba m'mawa umenewo. Anakoka mpando, nayala pepala bwinobwino. Anajambula chozungulira kamodzi kokha, osachotsa dzanja. Analemba manambala, kenaka timizere tonse ta mphindi, makumi asanu ndi limodzi, mpaka kachitsulo kopukusira kam'mbali. Ba Sisita anangowasiya. Pomaliza anaika mivi, waufupi pa teni, wautali pa thuu.

Ndinaona. Ndinaluma mlomo.

Tikubwerera, titatsala pang'ono kufika pasiteji ya minibasi, Atate anaima.

"Tiwo, anati leveni, eti?"

"Inde, Atate."

"Ine ndaika teni."

Ndinati si kanthu, ndi nambala imodzi yokha. Anapukusa mutu.

"Akanandifunsa za nsapato ndikanamvetsa. Koma wotchi."



Patatha masabata asanu ndi limodzi, kalata inafika kudzera kusukulu kwanga, chifukwa keyala imene ndinalemba inali ya kumeneko. Inali yaifupi. Inati a Whyson Nkhoma abwere kukiliniki Lachinayi kudzamva zotsatira, ndipo abwere ndi wachibale.

Apa ndipamene ndinalakwa, ndipo ndifotokoza momwe ndinkaganizira, osati kuti ndidzikhululukire. Zaka zimenezo tinaika maliro ambiri. Mawu oti "bwerani ndi wachibale" tinkawadziwa, ndipo sindinamvepo akutsatidwa ndi nkhani yabwino. Komanso kwathu uthenga woipa sauza wodwala mwiniwake. Amauza achibale, iwo n'kuona momwe angaunyamulire. Amayi atadwala, adokotala anatiitanira panja ine ndi a Dumi, n'kutiuza kuti palibenso chochita. Tinabwerera m'chipindamo tikumwetulira, tikuti mankhwala atsopano akubwera. Tinkayesa kuti ndiko kuwakonda.

Choncho ndinapinda kalatayo n'kuiika m'chitini cha mabisiketi momwe ndimasungamo masatifiketi anga. Lachinayi ndinapempha chilolezo kwa ahedi, n'kupita kukiliniki ndekha.

Ba Sisita Chilufya anandiyang'ana, nayang'ana kukhomo.

"Nanga bene bake?"

Ndinati Atate atanganidwa, andiuze ine, ndikawafotokozera pang'onopang'ono kunyumba.

"Iyai mukwai," anatero. "Magazi ni yao, mutu ni wao. Pa pepala banasaina ati bafuna kuuziwa beka. Imwe nchito yanu ni kunkala pambali."

Ndinawachonderera. Ndinati sakudziwa mwambo wathu. Anati akuudziwa, kwawonso amatero, koma sangandiuze. Ndinafunsa ngati angandiuzeko chabe kuti n'zabwino kapena n'zoipa. Anati ngakhale zimenezo ayi, ndibwere nawo Lachinayi lotsatira. Ndinatuluka. Mumtima ndinati, zikanakhala zabwino akanangondiuza.

Lachinayi lotsatira linadutsa, ndi linanso. Madzulo aliwonse ndinkakonza mawu oti ndiyambire, koma ndikawaona akutsuka m'manja kuti adye, mawuwo ankandithawa. A Dumi akafunsa ndinkati sizinatuluke.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Atate anali atamva kale. Amayi a Philomena, a kutchalitchi kwathu, amene analowa nawo kafukufukuyo tsiku limodzi, anadutsa pakhonde paja n'kuwauza kuti iwo analandira kalata ndipo anakamva zawo. Atate anawerenga okha. Onse aitanidwa, ine ayi, ndipo mwana wanga sakundiyang'ana m'maso. Anayamba kubweza mawotchi kwa eni ake osawakonza. Wobwera ndi ntchito yatsopano ankamutumiza kumsika. Kagalasi kawo kapadiso, kamene anakhala nako kuyambira kukampani, anapatsa ba Kalaba kuti asunge. Zonsezi ndinazimva pambuyo pake.

Loweruka lina m'mawa ndinawapititsira tiyi m'fulasiki. Ndinapeza tebulo lili mbee, patangotsala kabokosi kagalasi kokha. Ndisanafunse, ndinaona ba Sisita Chilufya akubwera wapansi, atavala chitenje, chikwama chili m'khwapa. Sanabwere ndi galimoto ya chipatala kapena yunifomu. Pambuyo pake anandiuza kuti anachita dala, kuti anthu asayambe kuloza.

Ba Kalaba anawazindikira ndi kalankhulidwe kuti ndi Mbemba mnzawo atangopereka moni.

"Mwaiseni mukwai, ba kwathu. Mwabwela kutenga uyu mudala? Mutengeni, atilemesa."

Palibe anaseka. Ba Sisita anakhala pabenchi ya makasitomala.

"Ba Nkhoma, ninamulembelani kalata, simunabwele. Marizauti yanu nili nayo muno. Mufuna kuyamvela? Ngati simufuna, nibwelela nayo, palibe mulandu."

Atate anatembenukira kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kenaka anatembenukira kwa ba Sisita.

"Ndikufuna."

"Kuno olo ku kiliniki? Elo mufuna ndani ankalepo?"

"Pompano. Mwana wangayu akhale. A Kalaba akhalenso, kuti asadzapeke zawo."

Ba Kalaba anaika nsapato pansi. 

Ba Sisita anatsegula fayilo. Ndiyesetsa kulemba monga ananenera, ndipo mawu a chipatala ndinakawafunsanso kuti ndisalembe zolakwika. Anati kuyeza kwaonetsa kuti kukumbukira kwa Atate kwatsika pang'ono, zimenezo n'zoona. Koma adokotala sakuona zizindikiro za matenda aja amene amawononga ubongo pang'onopang'ono osabwerera. Chimene apeza chili m'magazi. Muli kuchepa kwambiri kwa vitamini ina, yotchedwa B12, ndipo ikachepa munthu amaiwala, amatopa, mapazi amachita dzanzi.

Atate anayang'ana mapazi awo.

"Ndiye zimachira?"

"Kuli nyeleti, jakisoni. Poyamba kambili, pambuyo kamozi pa mwezi. Bambili bamankalako bwino. Siningalonjeze ati vonse vizabwelela, elo tizamupimani futi pakapita myezi sikisi. BP nayo yakwela, ifunika mapilisi. Koma kukamba ati mutu wasila, iyai. Dokota sanakambe so."

 Minibasi inadutsa, kondakitala akuitanira anthu a m'tauni. Kenaka Atate anafunsa chimene chinali kuwadya masiku onsewo.

"Nanga wotchi ija? Ndinalakwitsa."

"Ee, munaluza maki imozi. Na dokota anadabwa. Ati munthu alemba maminiti yonse sikisite mushe mushe, manje aphonya awa yeka?"

Akulankhula choncho, maso awo anagwera pakabokosi kagalasi.  Anawerama, nayang'anitsitsa. M'kabokosimo munali mawotchi asanu ndi awiri, onse ataima pa teni pasiti teni.

"Ba Nkhoma, aya yonse yanafa nthawi imozi?"

"Ayi. Ndi mmene timaimikira. Kuti dzina lioneke."

"Kuchokela liti?"

"Zaka makumi anayi, kapena kuposa."

Ba Sisita anaseka mpaka kugwira tebulo. Anatulutsa cholembera n'kulemba m'fayilo muja, akuti adokotala ayenera kudziwa zimenezi. Anati makiyo sangaibweze, chifukwa lamulo la kafukufuku silitero, koma tsopano akumvetsa kuti linali dzanja limene linathamanga.

Ba Kalaba anapuma mwamphamvu. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kagalasi kaja, n'kukaika patebulo.

"Tengani ka galasi kanu. Nenze nayamba kale kusakila wogula. So ni vitamini chabe? Ninamuuzani ine, mbeba zilibe chakudya. Muzidya vinthu va nzelu."

"Ngati nyani?" anatero Atate. Anali mawu awo akale.

Ba Sisita atapita, ndinathira tiyi. Wina anatayikira patebulo. Atate anapukuta ndi kansalu kawo kopukutira magalasi.

"Kalatayo inafika liti?"

"Masabata atatu apitawo, Atate."

"Ili kuti?"

"M'chitini cha masatifiketi."

Anagwedeza mutu. Sanakweze mawu. Atate sanandikalipirepo chikulire changa, ndipo tsiku limenelo ndikanakonda akanatero.

"Masabata atatu ndakhala ndikutsanzikana ndi anthu," anatero. "Ndinabweza wotchi ya abusa ili yomasula."

Ndinati ndinkaopa. Ndinati ndinkafuna kuwateteza monga tinachitira ndi Amayi.

Anamwa tiyi, naika kapu pansi.

"Amayi ako ankadziwa, Tiwo. Anadziwa tsiku lomwelo mutabwera mukumwetulira. Anandiuza kuti ndisakuuzeni kuti akudziwa, chifukwa mungamve chisoni. Ndiye aliyense ankanyamula yekha."

Ndinalira pakhonde pomwepo, anthu akudutsa. Ba Kalaba anatembenuka n'kuyamba kukhoma nsapato imene sindikukhulupirira kuti inkafunika kukhomedwa.

Madzulo ake a Dumi anabwera kunyumba. Atate anawafotokozera okha, fayilo palibe, koma sanaphonye kanthu: vitamini, jakisoni, mapilisi, miyezi isanu ndi umodzi. A Dumi anafunsa kawiri ngati adokotala ananenadi choncho. Nditavomera, anakhala pampando n'kuvula kapusi.

"Ninshi ku Chongwe kulibe," anatero. "Nizatuma mau kuli ba Moven. Benze bayamba kale kumata chipinda."

"Auze asungiremo chimanga," anatero Atate.

Jakisoni anayamba Lolemba lotsatira. Ndisanene mopitirira: sanabwerere kukhala mnyamata. Dzanzi la m'mapazi linachepa patatha miyezi iwiri, ndipo sanasocherenso. Koma mayina amawavutabe, ndipo nthawi zina amandifunsa chinthu chimodzi kawiri. Tsopano wotchi iliyonse ikabwera amamata kapepala kumbuyo kwake n'kulembapo dzina la mwini wake pamaso pake. Nzeru imeneyi ba Kalaba amati ndi yawo, chifukwa iwo amalemba ndi choko pansi pa nsapato. Atate amati anaiganiza okha. Sindinathe kutsimikiza kuti akunena zoona ndani.

Wotchi ya abusa anakaitenganso, naikonza.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, kalata ina inafika kusukulu. Sindinaitsegule. Ndinapita nayo pakhonde nthawi ya nkhomaliro, n'kuwapatsa Atate m'manja. Anaitsegula ndi kasukurudiraiva kawo, naiwerenga mokweza kuti ba Kalaba amve nawo.

Tinapita limodzi. Anakumbukira mawu onse atatu, ngakhale lachitatu linachedwa. Ba Sisita anati vitamini ija yakwera bwino m'magazi, koma azibwerabe chaka chilichonse, chifukwa za m'tsogolo palibe angazidziwe. Atate anati zimenezo n'zomveka, ngakhale wotchi yabwino imafuna kutsegulidwa kamodzi pachaka.

Kenaka ba Sisita anawapatsa pepala ndi pensulo. Teni pasiti leveni.

Anajambula chozungulira, manambala, timizere tonse. Atafika pa mivi anaima. Ndinaona dzanja likulowera ku teni, iwo n'kulibweza. Anaika muvi waufupi patsogolo pang'ono pa leveni, wautali pa thuu. Anakweza pepalalo, naliyang'ana chapatali, nakwinya nkhope.

"Ndi zimenezo," anatero, akupereka kwa ba Sisita. "Koma wotchi yotere simungaigulitse."